Dothi Loyera la a Chikombole

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Tauni yonse ya kumgodi inkawadziwa kuti a Chikombole, chifukwa chikombole choumbira njerwa sichinkachoka m'manja mwawo. Ena ankati ngakhale mutu wawo unali wamakona anayi ngati chikombolecho, chimene chalowamo chimatuluka momwemo osapindika. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuseka. Akamayankhula nawe maso awo ankakhala pakhoma la kumbuyo kwako, kuona ngati laongoka.

Anafika kumgodi wa fosifeti ali mnyamata, nalembedwa ntchito yopakira miyala m'malole. Miyalayo inkapita kufakitale ya kuseri kwa phiri, kumene ankaigaya ndi kuithira asidi kuti atulutse feteleza. Zotsalira zake ankazitaya panja pa fakitaleyo, ndipo m'zaka zochepa panakula chimulu chotuwa ngati phulusa, chachitali kuposa thanki ya madzi. Udzu sunkamerapo. Anthu ankangochilambalala.

Tsiku lina a Chikombole anatapako m'chitini, nakanda ndi madzi, napaka pakhoma la bafa lawo. Litauma linali losalala ngati chigoba cha dzira, loyera popanda laimu. Anayesa kusakaniza ndi dothi la kudambo, ndipo njerwa zinatuluka zopepuka, zosagumuka m'makona. Mwezi womwewo anasiya ntchito ya kumgodi.

Woyang'anira chimulucho anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, kapitawo wonenepa wokonda nthabwala.

"Tapani alamu, mpaka wilibala ithyoke mwendo," anatero kapitawoyo. "Mabwana akusowa kotaya. Inu mukutithandiza kusesa."

Anatapa zaka makumi atatu. Mizere itatu ya nyumba za kumunsi kwa msika inatuluka m'manja mwawo, komanso makalasi awiri a pasukulu, nyumba ya mlamu wawo yemweyo, ndi yawo imene. Mlendo akasochera ankangouzidwa kuti atsetserekere ku nyumba zoyera. A Chikombole ankayenda mumsewu umenewo manja ali kumbuyo, ndipo akaona mwana watsamiritsa phazi pakhoma ankamukalipira ngakhale nyumbayo si yawo.

Akazi awo anali telala. Ankasokera pakhonde la golosale moyang'anana ndi msewu waukulu, ndipo kuseka kwawo kunkamveka mpaka kutsidya, pamene malole ankaima kudikira sikelo yoyezera katundu. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene ankakhala pansi pa makina kutolera tizidutswa ta nsalu.

Masana ena a Chikombole akudutsa ndi wilibala anapeza akazi awo akuyeza chifuwa cha dalaivala wina wa lole. Tepi inali itazungulira msana wa munthuyo, manja a mayiwo ali uku ndi uku, phini ili pakamwa, onse awiri akuseka. A Chikombole sanaime. Sabata yotsatira anayamba kukumba maziko kuseri kwa nyumba yawo.

Chipindacho anachimanga mwaluso kuposa chilichonse chimene anamangapo. Makoma anali a njerwa ziwiri kukhuthala kwake, pulasitala wa dothi loyera anamupaka katatu, pansi anatsira dothi lomwelo nalitsendera mpaka kuwala. Anaika siling'i, babu limodzi, ndi chitseko chotsegukira mkati mwa nyumba. Khoma litafika m'mapewa, akazi awo anaima pafupi atanyamula madzi okandira.

"Nanga zenera likhala mbali iti, bambo a mwana?"

"Zenera la chiyani? Ukusoka nsalu kapena ukuonera malole?"

"Mpweyatu, bambo. Mwezi wotentha munthu angakomoke muno."

"Nsalu sipuma," anatero a Chikombole, naika njerwa ina.

Makina anachoka pakhonde la golosale nalowa m'chipindamo. Azimayi ankaloledwa kulowa kudzayezedwa. Amuna ankasiya nsalu pakhomo lakumaso ndi kapepala ka miyezo. Makasitomala ambiri anathawira kwa matelala ena, koma mayunifolomu a ana asukulu sankatha, choncho makina ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chitseko chinkakhala chotseka, poyamba chifukwa phokoso linkawasowetsa mtendere a Chikombole akabwera kudzapuma masana, kenako chifukwa chakuti zinangozolowereka.

Chaka chilichonse kukayamba kutentha mayiwo ankapempha zenera. Anayesa kudzera kwa mchimwene wawo, koma kapitawo anaseka nati, "Za m'banja la eni ine sindilowerera, achemwali. Ena akulira kusowa denga, inu mukulira ofesi." Chaka china mayiwo anatenga sizasi yakale nayamba kukolopola matope a njerwa imodzi ya pafupi ndi siling'i, pang'onopang'ono, masiku asanu, mpaka njerwayo inasolola. Panaoneka kabowo kolowa mkono, ndi kachidutswa ka thambo. Patatha masiku atatu a Chikombole anakaona kabowoko. Anakanda matope m'beseni, analowa ndi mpando, nakwera pamwamba pa mutu wa akazi awo amene anali kusoka diresi laukwati la mwana wa eni. Anabwezeretsa njerwa, napaka pulasitala, nasalaza bwinobwino. Matope ena anagwera pa diresilo. Mayiwo sanaimitse makina.

Anasokera m'menemo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kuseka kuja kunayamba kutha, kenako kunabwera chifuwa chouma chosamva mankhwala. Madiresi awo omwe anayamba kuwakulira, moti ankachita kuwabweza m'chiuno. Atayamba kulavula magazi, mwana wawo, amene tsopano anali mtsikana wamkulu, anawatengera kuchipatala chachikulu. Dokotala anaonetsa a Chikombole chithunzi cha mapapo, mbali imodzi ili mbuu.

"Ndi khansa. Kodi mayiwa amasuta fodya?"

"Mkazi wanga asute fodya? Mukunditenga ngati ndani?"

"Amagwira ntchito kumgodi kapena pamalo a fumbi?"

"Mkazi wanga satuluka m'nyumba," anayankha a Chikombole, ndipo m'mawu awo munali kunyadira.

Mayiwo anamwalira mvula itangoyamba. Pamaliro munthu wina woyankhula anayamikira a Chikombole kuti anali mwamuna wosowa, womangira mkazi wake malo ogwirira ntchito osanyowa ndi mvula. Mwana uja anamvetsera maso ali gwa, osalira. Patatha mwezi analongedza chikwama napita kumzinda, kumene anapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala. Ankatumiza moni kudzera mwa anthu. Iye mwini sankabwera.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Kenako kunafika galimoto yoyera ya anthu a kuyunivesite, atatu, wotsogolera wawo ali mayi wamtali wovala nsapato za kumunda. Ankakumba dothi m'minda ya ndiwo ndi m'mbali mwa zitsime, kulithira m'timapepala ta pulasitiki ndi kulembapo manambala. Mayiyo anali ndi kachipangizo kachikasu kokhala ngati wailesi yaing'ono. Akakayandikiza pansi kankathetheka apa ndi apo, koma atafika ku nyumba zoyera nakakhudzitsa kukhoma, kanathetheka mosalekeza ngati mafuta otentha amene mwagwera madzi.

A Chikombole anaganiza kuti kachipangizoko kakuyeza kulimba kwa khoma. Anadzipereka okha kuwayendetsa alendowo nyumba ndi nyumba.

"Iyi ndinamanga ine. Iyonso. Onani makona ake, mayi. Zaka makumi awiri, mng'alu palibe."

"Dothi la pulasitalayu munkalitenga kuti, bambo?"

"Pachimulu cha kufakitale. Ndinalitulukira ndine, musamve za wina."

Mayiyo analemba m'kope mwake. M'nyumba iliyonse ankasiyamo kachitini kakuda kukula ngati kabotolo ka mafuta odzola, nati kakhale miyezi itatu osakakhudza. Kunyumba kwa a Chikombole anaika kamodzi pabalaza. Potuluka anaona chitseko chotseka kumapeto kwa kanjira ka m'nyumbamo.

"Umu ndi mosungira katundu?"

"Tsopano inde. Kale munali mosokera akazi anga."

Anatsegula. Munkanunkha chinyontho. Makina anali pomwepo ataphimbidwa ndi nsalu, mafosholo ndi zikombole zitatsamira kukhoma. Mayiyo anayang'ana makoma onse anayi, nayang'ana kusiling'i.

"Ankakhalamo nthawi yaitali bwanji pa tsiku?"

"Tsiku lonse. Sanali waulesi."

Mayiyo anaika kachitini pamwamba pa makinawo, natuluka osafunsanso china.

Miyezi inayi itatha anabwerera kudzanena zimene anapeza. Msonkhano unachitikira pasukulu, m'kalasi imene a Chikombole anamanga, mazenera onse ali chitsegukire. Anthu anadzaza mpaka pakhonde. Kutsogolo kunakhala mayi uja, mwamuna wa tayi woimira kampani ya mgodi, ndi akuluakulu ena, pakati pawo kapitawo uja, amene tsopano anali atapuma pantchito. A Chikombole anavala jekete.

Mayiyo anayankhula mosathamanga. Anati miyala ya fosifeti mwachilengedwe chake imakhala ndi yureniyamu pang'ono, chinthu chimene chimatulutsa mphamvu yosaoneka yotchedwa radiyeshoni. Dothi lililonse lili nayo pang'ono, anatero, ngakhale la kumudzi kwa agogo anu, ndipo sipakhala vuto. Koma fakitale ikachotsa feteleza, zambiri za zinthu zoterezi zimatsalira m'zinyalala za pachimulu. Dothi limenelo limatulutsa mpweya wotchedwa radoni, wopanda fungo, wopanda mtundu. Panja mphepo imauuluza. M'nyumba yotseka umaunjikana, ndipo munthu akaupuma zaka zambiri ukhoza kuyambitsa khansa ya m'mapapo.

"Musachite mantha opitirira," anatero. "Minda yanu yambiri ili bwino. Zitsime ziwiri zokha ndi zimene tikupempha kuti zitsekedwe. Nyumba zoyera zapitirira muyezo, zina pang'ono, zina kwambiri ndithu. Pulasitala achotsedwe, pansi pathiridwe simenti, mazenera azikhala otsegula. Chipinda chimodzi chokha ndi chimene chapitirira muyezo kasanu ndi katatu. Mwini wake tikambirana naye payekha."

M'kalasimo munayamba kung'ung'udza. Mwamuna wa tayi anaimirira, nakonza tayi wakeyo.

"Mwamva nokha kuti mphamvu imeneyi ndi yachilengedwe. Sitinaiike ndife m'miyala. Ndipo kampani sinagulitsepo dothi limenelo kwa munthu. Pachimulupo pali chikwangwani choletsa kutapa."

Chikwangwanicho chinali chitazikidwa mwezi wapitawo, simenti ya m'tsinde mwake inali isanade n'komwe. Aliyense ankadziwa zimenezo. A Chikombole anaimirira, jekete likuwathina m'mapewa.

"Ine sindinabe. Anandilola ndi alamu angawa, ali apawa. Anene okha."

Kapitawo sanaimirire. Anangotembenuza khosi.

"Ine ndinkawaletsa, abale anga. Koma munthu uyu mukumudziwa, samva za mnzake." Anapukuta kumaso ndi kansalu. "Ndipo chipinda chimene mayiwa akuchita nacho ulemu, tonse tikuchidziwa. Ndi bokosi lija anatsekeramo mlongo wanga. Ndinalira naye mlongo wangayo, kupempha kabowo kokha. Lero ali kuti?"

Zinathera pomwepo. Palibe anafunsanso za chikwangwani. Kampani inali yaikulu, yokhala ndi maloya, ndipo theka la anthu a m'kalasimo linkadya za kumgodi komweko. A Chikombole anali mmodzi, wamfupi, ali chiimire pakati pawo. Mayi wina amene mwana wake ankadwaladwala mphumu anawaloza chala. Wina anakumbukira apongozi ake amene anamwalira ndi kutupa miyendo. Mayi wa kuyunivesite anayesa kunena kuti matenda amenewo sakugwirizana ndi radoni, koma mawu ake anamira.

Anthu atabalalika a Chikombole anamutsatira mayiyo kugalimoto.

"Mayi, ndiuzeni chimodzi. Akazi anga anawapha ndi dothi?"

"Sindingalumbire, bambo. Khansa imeneyi imagwiranso anthu amene sanakhalepo m'chipinda chotere. Za munthu mmodzi palibe angatsimikize." Anatsegula chitseko cha galimoto, kenako anaima. "Koma mwandifunsa, ndiye ndinena. M'chipindamo mukanakhala zenera, mpweyawo sukanaunjikana chomwecho."

M'masabata otsatira anthu anayamba kugumula pulasitala m'nyumba zawo, ndipo zigumuzo ankabwera nazo pa wilibala kudzakhuthula pakhomo pa a Chikombole, masanasana, eni ake ali pakhonde. "Katundu wanu uyu, amisiri." Mulu unakula mpaka kutseka njira ya kuchitseko. Pampopi azimayi ankachotsa ndowa zawo akaona a Chikombole akubwera, ngati kuti radiyeshoniyo ili m'manja mwawo. Amene ankalira mokweza za malemu telala anali azimayi omwe aja amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankalowa m'chipindamo kudzayezedwa madiresi, kudzipepeza ndi mpango, n'kutuluka msanga. Dzina lawo linasintha. Ana ankawatsatira pamsewu akuimba kuti Chiphe.

Kampani inavomera kuthandiza, inati mwa chifundo chabe, ndipo inalemba kontirakitala wochotsa pulasitala yense ndi kukamukwirira kutali. Kontirakitalayo anapeza kuti pulasitala wa a Chikombole sachoka wamba, anthu ake ankagumula ndi njerwa zomwe. Anafunsa amene anamupaka. Choncho ntchito yomaliza ya a Chikombole m'tauniyo inali yosenda makoma awo omwe, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, atavala kansalu kotseka mphuno, tcheselo ndi hamala m'manja. Ankadziwa pamene pulasitala amagonja, chifukwa anamupaka okha. Eni nyumba ankaima kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno. Kunyumba kwa kapitawo, mlamu wawoyo anatulutsa mpando nakhala pamthunzi kuonerera tsiku lonse, ndipo madzulo anawaitana kuti asese pakhonde pamene panagwera fumbi.

Chipinda chosokera analamula kuti chigwetsedwe chonse. M'mawa wa tsikulo mwana wawo anatulukira ndi galimoto ya hayala. Anapereka moni wa pakamwa, analowa, namasula mutu wa makina, naukulunga m'nsalu yomwe inauphimba. Miyendo ya makinawo anaisiya. Sanakhale pansi, ndipo madzi anakana.

Ntchito yosenda itatha, onse amene anakhalapo m'nyumba zoyera anaitanidwa kukajambulidwa mapapo. A Chikombole anapita ali otsimikiza kuti awapeza nayo. Munthu amene anakanda dothilo ndi manja zaka makumi atatu akanapulumuka bwanji? Mumtima mwawo ankafuna atawapeza nayo, kuti mwina anthu angawaleke. Dokotala anakweza chithunzicho kukuwala, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mapapo anu ndi abwino kuposa anga. Mukhoza kufika zaka makumi asanu ndi anayi."

Anatuluka ndi envulopu yaikulu ya khaki. Ali pabenchi panja pa chipatala, ganizo linawabwerera, ndipo linalowa m'mutu mwawo monga zinthu zonse zinkalowera, osapindika. Loweruka anakwera basi ya kumzinda, envulopu ili pamiyendo. Anafunsira njira mpaka anapeza nyumba ya mwana wawo. Mkati munkamveka mawu a ana aang'ono awiri amene iwo anali asanawaonepo. Mwana wawo anatuluka yekha, natseka chitseko kumbuyo kwake, nawaikira mpando panja pafupi ndi geti.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndabwera ndi umboni, mwana wanga." Anasolola chithunzicho. "Taona. Ine dothi lija ndalikanda, ndalisenza, ndalipuma zaka makumi atatu. Adokotala akuti ndilibe kanthu. Ndiye si dothi limene linapha amayi ako. Anthu aja andinamizira."

Mwanayo anatenga chithunzicho, nachiyang'ana padzuwa monga munthu wozolowera zinthu za kuchipatala.

"Ndi abwinodi," anatero. "Inu munkakhala panja, bambo."

"Koma mayi wa kuyunivesite uja ananena yekha kuti sangalumbire."

"Ine sindinadikire mayi wa kuyunivesite. Ndinachoka pakhomo paja iye asanabwere ndi kachipangizo kake." Anabweza chithunzicho mu envulopu, napinda kukamwa kwake bwinobwino. "Tsiku limene munatseka kabowo kaja ndinali pansi pa tebulo. Ndinathandiza amayi kuchapa diresi lija. Tiyerekeze kuti dothi lija linali labwino ngati ufa. Ndiye mukufuna ndinene kuti chiyani?"

A Chikombole analandira envulopu ija. Mkati mwana mmodzi anaitana amake, kufunsa kuti kwabwera ndani.

"Ndi amisiri," anayankha amakewo mokweza, osatembenuka. Kenako anati, "Basi yomaliza imanyamuka folo koloko, bambo. Mukachedwa muisowa."

Anaipeza basiyo. Dokotala uja sanalakwitse kwambiri, pakuti a Chikombole adakali moyo, ndipo zaka makumi asanu ndi atatu anazidutsa kalekale. Amakhala m'zipinda ziwiri zimene zinatsala, makoma ake ali njerwa zokhazokha. Kapitawo anamwalira ndi shuga, ndipo pamaliro ake kampani inatumiza nkhata yamaluwa. Chimulu chija anachizinga ndi waya nachikwirira ndi dothi lofiira. Anthu ambiri a mumsewu umenewo tsopano ndi obwera, sadziwa nkhaniyi, amangodziwa kuti pali nkhalamba ina yolimba modabwitsa imene imadzitungira yokha madzi, ndowa ziwiri ulendo umodzi, ndipo chifuwa sichiigwira ngakhale m'mwezi wozizira.